Penshoni ya mu akaunti yako, boma lingaigwire? Za ku Poland, Hungary ndi Russia

Bambo a Yamikani: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ku ntchito kwathu kunabwera anthu a kampani ya penshoni kudzatiphunzitsa, nde mmodzi anati penshoni yathu ino yoti aliyense ali ndi akaunti yake, bwana kuikamo 10 peresenti iwe 5, ndi yotetezeka kwambiri chifukwa ndalamazo ndi zako ndipo boma silingazigwire olo zinthu zitavuta bwanji. Mnzanga wina akuti kuli maiko ena boma linazitenga masanasana. Amene mukudziwa tiuzeni zoona zake

NaJere: Tayitanani achimwene a ku Warsaw aja, nkhani zimenezi ndi zomwe akuphunzira

Angozo Warsaw: Ndilipo achemwali. Bambo a Yamikani mnzanuyo sakunama, zinachitikadi, ku Hungary komanso konkuno ku Poland. Koma mundilole ndiyambire patali pang'ono. Maiko onsewa nthawi ya chikomyunizimu penshoni inali ya boma basi, amene akugwira ntchito lero amasonkha ndipo ndalamazo mwezi womwewo zimapita kwa okalamba, palibe zimasungidwa penapake. Zili ngati chipereganyu cha mibadwo, iwe ukupereka lero kudikira kuti tsiku lako likadzafika ana adzakuperekera, nde chimayenda bwino ngati olowa atsopano ali ambiri. Chikomyunizimu chitagwa mu 1989 mafakitale a boma anayamba kutsekedwa, osonkha anachepa olandira nkuchuluka, mavuto anayambira pamenepo

Aphunzitsi Mbewe: Pepani mwana wanga, olandira anachuluka bwanji nthawi imodzi? Anthu sakalamba tsiku limodzi

Angozo Warsaw: Funso labwino aphunzitsi. Sanakalambe, anawapumitsa msanga. Ku Poland kuno mu January 1990 anayamba pulani ya nduna ya zachuma Leszek Balcerowicz, kumasula mitengo, kusiya kuthandiza makampani a boma oluza. Ulova womwe pa pepala kunalibiretu unakwera mpaka kudutsa 16 peresenti pofika 1993 ndi 1994. Nde boma poopa kuti anthu akwiya linatsegula khomo la penshoni, munthu wa zaka za m'ma 50 fakitale yake ikatsekedwa amangomuuza kuti pumani basi, ena ambirimbiri analowera ku penshoni ya olumala chifukwa sinali yovuta kupeza. Zinathandiza ndithu, ofufuza ambiri anapeza kuti okalamba a ku Poland sanasauke ngati mmene anasaukira mabanja a ana ambiri kapena malova zaka zimenezo. Koma bilu yake inali yoopsa, pakati pa zaka za m'ma 1990 penshoni yokha imadya pafupifupi 15 peresenti ya chuma chonse cha dziko

Mai a Tadala UK: Eee 15 peresenti penshoni yokha? nde zipatala ndi sukulu zimatsala ndi chani

Angozo Warsaw: Ndi chifukwa chake amafunafuna njira ina amayi. Nthawi yomweyo World Bank inatulutsa lipoti mu 1994 lotchedwa Averting the Old Age Crisis, limalimbikitsa kuti gawo lina la zosonkha lizipita ku maakaunti a anthu oyendetsedwa ndi makampani, kutengera zomwe Chile inachita mu 1981. Hungary inayamba mu 1998, Kazakhstan 1998 yomweyo, Poland 1999, kenako Bulgaria, Croatia ndi Estonia 2002, Slovakia 2005, Romania 2008. Kuno zosonkha za ukalamba ndi 19.52 peresenti ya salale, nde anadula 7.3 kuti izipita ku mathumba a makampani omwe amawatcha OFE, yotsalayo kumapitabe ku bungwe la boma la penshoni lotchedwa ZUS

Akauntanti wa ku Ndirande: Apa nde ndilowepo chifukwa vuto ndaliona kale. Ngati 7.3 yachoka ku ZUS, agogo omwe ali kale pa penshoni awalipira ndi chani? Iwo sanafe, akudikirabe ndalama yawo mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti boma likongole kuti litseke dzenjelo

Angozo Warsaw: Mwalasa akulu. Ndipo mvetserani apa, boma limakongola kwa ndani? Kwa ma OFE omwewo. Ndalama imachoka kwa wantchito kupita ku OFE, OFE kudulapo yake, yotsalayo gawo lalikulu kugula mabondi a boma (mapepala omwe boma limakongolera ndalama), boma kutenga ndalama yomweyo kupatsa ZUS kuti ilipire agogo. Yangozungulira basi koma panjira kampani yadyapo ndipo boma likulipira chiongoladzanja. Kudulako sikunali kochepa, kwa zaka zingapo lamulo limalola mpaka 7 peresenti pa ndalama iliyonse yolowa, anadzatsitsa kufika 3.5 mu 2010. Ine apa ndi pomwe pamandipweteka mtima, chifukwa munthu wamba amauzidwa kuti ukusunga za ukalamba wako pomwe m'badwo wake ukulipira kawiri, penshoni ya makolo kudzera mmisonkho ndi ngongole, yakenso ya mu akaunti

Bambo a Yamikani: Nde kutengako kunachitika liti

Angozo Warsaw: Mavuto a zachuma a 2008 atafika bajeti zinathina, komanso EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ili ndi malamulo ake oti kupelewera kwa bajeti kusadutse 3 peresenti ya chuma cha dziko. Hungary ndi yomwe inachita mwankhanza. Kumapeto kwa 2010 boma la Viktor Orbán linauza anthu kuti sankhani pofika 31 January 2011, mubwerere ku penshoni ya boma ndi ndalama zanu zonse, kapena mukhale ku akaunti yanu koma zomwe muzisonkha ku boma kutsogoloku sizidzakupatsani penshoni ya boma. Ndani angakhale pamenepo? Pafupifupi 97 pa 100 aliwonse anabwerera, chuma cha pafupifupi 3,000 biliyoni forint (ndalama ya ku Hungary) chinalowa mmanja mwa boma. Poland inachita pang'onopang'ono nthawi ya nduna yaikulu Donald Tusk, mu 2011 anatsitsa 7.3 ija kufika 2.3, kenako February 2014 anatenga 51.5 peresenti ya chuma chonse cha ma OFE, pafupifupi 153 biliyoni zloty (ndalama ya kuno), makamaka mabondi a boma aja, nkuwafufuta. Anthu anawalembera ndalamazo mmabuku a ZUS kuti boma lidzakulipirani mukadzapuma

Kondwani Joni: Kumeneko nde kuba kwenikweni, palibe dzina lina. Munthu wasunga zaka 15 wina nkungobwera ndi lamulo

Akauntanti wa ku Ndirande: Achimwene Kondwani ine ndikusiyana nanu pang'ono, makamaka pa Poland. Bondi ya boma ndi chani? Ndi lonjezo la boma kuti ndidzakulipira. Penshoni ya ZUS ndi chani? Lonjezo la boma lomwelo. Nde anangosintha pepala, munthu uja kuyambira pachiyambi amadalira boma lomwelo kungoti samadziwa, ndipo pakati panali kampani yodulapo. Za ku Hungary zokha ndikuvomera kuti kunali kuopseza anthu

Kondwani Joni: Ayi akulu sizofanana. Bondi boma likakana kulipira dziko lonse lapansi limadziwa, mabanki akunja amasiya kukukongoza, nde amaopa. Koma penshoni ya boma aphungu atha kukhala pansi usiku umodzi nkusintha kawerengedwe kapena kukweza zaka zopumira, agogo akadandaule kwa ndani. Ine bola pepala lomwe boma limaopa kuling'amba

Akauntanti wa ku Ndirande: Koma analing'ambatu mu 2014 ndipo palibe banki yakunja inathawa, ngongole ya dziko pa pepala inatsika kumene

Mai a Tadala UK: Ine masamu anuwo sindingalowepo koma ndinene zomwe ndimaona ndi maso. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira, theka la anzanga ndi a ku Poland, Romania ndi Bulgaria. Pali mayi mmodzi wa ku Romania timakhala limodzi shifiti ya usiku, tsiku la malipiro pa buleki amakhala pakona ndi foni kutumiza ndalama kwa mayi ake kumudzi, akuti penshoni ya mayi akewo ikagula mankhwala a BP ndi nkhuni za nyengo yozizira yatha, pomwe anagwira ntchito moyo wawo wonse pa famu ya boma. Iye akusambitsa agogo a eni kuno, msonkho wake ukulowa kuno, mayi ake akusamalidwa ndi neba. Amati mmudzi mwawo mwatsala nkhalamba zokhazokha ndi tiana tosiyidwa ndi makolo. Nde ndimadzifunsa kuti penshoni ya kumeneko akusonkha ndani ngati achinyamata onse ali kuno ndi ku Italy

Angozo Warsaw: Amayi mwakhudza mtima weniweni wa nkhaniyi. Kafukufuku yense amene ndawerenga amabwerera pomwepo, penshoni imaima pa anthu amene ali pa ntchito yolembedwa ndipo akusonkha, kaya ndi ya boma kaya ya akaunti. Poland italowa EU mu May 2004 Britain inatsegula zitseko pompo, anthu mazanamazana anapita. Bulgaria inali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni mu 1989, kalembera wa 2021 anapeza 6.5 miliyoni. Latvia kuchoka pa 2.6 miliyoni kufika pansi pa 1.9. Opitawo ndi a msinkhu wogwira ntchito, ndipo otsala akubereka ana ochepa. Olo utakhala ndi akaunti yonenepa bwanji, ukadzakalamba pafunika munthu wachinyamata woti agule masheya akowo ndi kulima chakudya choti ugule

NaJere: Nanga za malipiro a mu envulopu zija munkanena tsiku lina

Angozo Warsaw: Eya, imeneyonso ndi nkhani yaikulu ku Latvia, Ukraine, Bulgaria, Romania ndi kwina. Bwana amakulemba kuti ukulandira salale yotsikitsitsa yovomerezeka ndi boma, msonkho ndi penshoni kuwerengera pamenepo, yotsalayo amakupatsira mu envulopu. Omwe amabweretsa maakaunti ankati anthu akaona kuti ndalamayo ndi yawoyawo adzakana za envulopu, aziuza bwana kuti lembani salale yonse. Sizinachitike mmene ankayembekezera, munthu wa zaka 25 amene lendi ikumudikira saganiza za zaka 65, ndipo kukana envulopu ndi kutaya ntchito

Akauntanti wa ku Ndirande: Zimenezo nde olo kuno ziliko, besiki kuichepetsa dala zambiri kuziika ku ma alawansi kuti 10 peresenti ya bwana ichepe. Enanso amadula 5 peresenti pa pay slip koma osatumiza ku kampani ya penshoni, a Reserve Bank akhala akudandaula za zimenezi kangapo

Aphunzitsi Mbewe: Ana anga mwakamba za boma kutenga ndi lamulo, koma ine amene ndili pa penshoni mdani amene ndimamudziwa ndi kukwera mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 palibe anabwera kudzatenga ndalama yanga, inalipo yonse, koma thumba la feteleza linandithawa. Ku maiko mukunenawo sizinachitike zimenezi?

Angozo Warsaw: Zinachitika aphunzitsi, moopsa kuposa kwathu. Russia inamasula mitengo mu January 1992 nthawi ya Pulezidenti Yeltsin ndi nduna yake ya zachuma Yegor Gaidar, chaka chimenecho mitengo inakwera ndi pafupifupi 2,500 peresenti. Anthu amene anasunga ndalama ku banki ya boma ya Sberbank moyo wawo wonse, ena za maliro awo omwe, anapeza kuti sizingagule kanthu. Kenako kunabwera vuto lina, boma kulephera kulipira penshoni pa nthawi yake, cha mu 1996 okalamba mamiliyoni amakhala miyezi osalandira. Pali ofufuza awiri, Robert Jensen ndi Kaspar Richter, anagwiritsa ntchito kafukufuku amene amayendera mabanja omwewo chaka ndi chaka, nkufananiza amene analandira ndi amene sanalandire. Anapeza kuti osalandirawo umphawi unakula, anachepetsa kudya, anachepetsa kugula mankhwala ndi kupita kuchipatala, ndipo imfa zinachuluka pakati pawo zaka zotsatira. Ambiri anayesetsa, kubwerera ku ntchito, kugulitsa katundu, kukongola, koma sizinakwanire kutseka dzenje lonse

Aphunzitsi Mbewe: Zomvetsa chisoni. Anthu mmaofesi amaona ngati kuchedwetsa penshoni ndi nkhani ya mafayilo chabe. Mnzanga amene tinapuma naye limodzi anayenda ulendo wa ku likulu kutsatira ndalama zake mpaka anadwala, pomwe zimatuluka anali atagona kale, anadya ndi ana

Mai a Tadala UK: Pepani aphunzitsi, mzimu wawo uuse mumtendere

Mwana wa ku Mbare: Pepani madala. Ife obadwira kuno ku Zimbabwe za Russia mukunenazo tinaziona ndi maso mu 2008. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata, anasonkha penshoni zaka zonse za ntchito yawo, ndalama ya dziko itafa zomwe anawawerengera mu madola a America sizimakwana olo golosale ya mwezi. Nawonso inali ya kampani osati ya boma. Nde amene anakuuzani kuti akaunti yanu palibe angaigwire Bambo a Yamikani mukamufunse za mitengo

Kondwani Joni: Koma ku Russia mafakitale sanatsekedwe ngati ku Poland? ndimamva kuti ulova kumeneko sunakwere msanga

Angozo Warsaw: Zoona, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe akatswiri a ku Moscow monga Vladimir Gimpelson ndi Rostislav Kapeliushnikov alembapo kwambiri. Ku Poland amachotsa anthu, ku Russia amakusunga pa ntchito koma salale kuidula, kuichedwetsa miyezi, kapena kukulipira ndi katundu wa pa fakitale pomwepo, wina mapoto wina matayala, ukagulitse wekha mmbali mwa msewu. Nde pa pepala anthu ali pa ntchito koma mthumba la penshoni simukulowa kanthu chifukwa kampani yosalipira salale singatumize zosonkha. Apa mukuona kuti agogo osalandira aja ndi wantchito wolipidwa mapoto vuto lawo linali limodzi

NaJere: Ine funso langa ndi lakutapa. Kuno ku Zambia mu 2023 analola kuti titapeko 20 peresenti ku NAPSA, bungwe la boma la penshoni, tisanapume, mizere inali yosaona kumapeto, ine ndinatapa nkumalizira nyumba ku Chipata ndipo sindidandaula. Kumeneko aliko anachita zotere?

Angozo Warsaw: Estonia achemwali. Kumeneko wantchito ankaika 2 peresenti mu akaunti yake boma nkuwonjezera 4 kuchokera ku msonkho wa pa salale yake, mu 2021 analola kuti ofuna atuluke ndi ndalama zawo zonse, ndipo anthu ambiri ndithu anatapa ulendo woyamba womwewo. Banki yaikulu ya dzikolo inachenjeza kuti anthuwa adzavutika ku ukalamba. Kazakhstan nayo mu 2021 inalola kutapa gawo lina pogula nyumba kapena kulipira chipatala, mitengo ya nyumba inakwera. Kazakhstan yomweyo mu 2013 inali itaphatikiza kale mathumba onse a makampani kukhala limodzi loyang'aniridwa ndi banki yaikulu ya boma. Ine za nyumba ndilibe nazo vuto, nyumba ndi penshoninso, chimandidetsa nkhawa ndi amene amatapa chifukwa cha ngongole za katapila, ndipo nthawi zambiri ndi omwe ali ndi zochepa kale

Kondwani Joni: Kuno ku Joni two pot, yogawa penshoni pawiri kuti gawo lina uzitha kutapa usanapume, inayamba September 2024, anzanga ambiri anatapa tsiku loyamba, ambiri zinapita ku ngongole ndi fizi ya ana. Sindingawaweruze, mwana akathamangitsidwa ku sukulu lero sungamuuze kuti dikira ndikwane 60

Bambo a Yamikani: Nde tinene kuti penshoni yathu ino ndi yachabe? mwandiopsa

Akauntanti wa ku Ndirande: Ayi bambo musataye mtima. Kusiyana kwake nkwakuti ife a mmakampani lamulo la penshoni la 2011 lisanabwere kunalibe penshoni ya dziko lonse yoti ndalama zipatutsidwe kuchokako, nde dzenje la ku Poland lija ife kunalibe. Komwe lingaoneke ndi ku boma, komwe achinyamata anawalowetsa mu yosonkha pomwe akuluakulu akulipidwabe kuchokera mu bajeti, apo boma likulipira mbali ziwiri. Chomwe tikufanana nawo ndi ichi, ndalama zathu zambiri zili mu mabondi a boma ndi masheya a makampani ochepa a pa msika wa ku Blantyre. Nde funsani sitetimenti chaka chilichonse, onani ngati bwana akutumizadi, onani kuti akudula zingati, ndipo phindu lomwe akukuuzanilo mulifananize ndi mmene mitengo yakwerera chaka chimenecho

Mai a Tadala UK: Nanga mayi anga amene alima fodya ndi chimanga moyo wawo wonse ku Kasungu ali pati pa nkhani yonseyi? Alibe bwana alibe akaunti. Mtukula Pakhomo sufika kwa aliyense. Penshoni yawo ndine

Angozo Warsaw: Pamenepo maiko amenewa amatiposa kutali amayi, chikomyunizimu ndi zoipa zake zonse chinasiya pafupifupi nkhalamba iliyonse ili mkaundula wa penshoni, olo a mmafamu. Georgia chuma chitagweratu zaka za m'ma 1990 inafika pongopereka ndalama yofanana kwa aliyense wofika zaka, amayi 60 abambo 65, osafunsa kuti unagwira kuti. Ndi yochepa koma kafukufuku amaonetsa kuti ndi imene imatsitsa umphawi kwambiri kumeneko chifukwa agogo akalandira nyumba yonse imadya. Ya maakaunti anadzaiwonjezera pamwamba mu 2019. Ine ndikanakhala wolangiza kwathu ndikanayambira pansi pamenepo

Akauntanti wa ku Ndirande: Ndalama yake ichokera kuti achimwene, osonkha msonkho wa pa salale kuno ndi ochepa zedi, ndipo chiongoladzanja cha ngongole chikudya kale gawo lalikulu la bajeti

Angozo Warsaw: Lesotho inayamba penshoni yotereyi mu 2004 ndi a zaka 70 kupita mtsogolo, si dziko lolemera. Anthu a zaka 70 kwathu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ku Ulaya, mtengo wake si woopsa ngati mmene anthu amaganizira

NaJere: Achimwene musanapite, ku Poland amayi amapuma ndi zaka zingati? ndinamva kuti anasinthasintha

Angozo Warsaw: Boma la Tusk linayamba kukweza pang'onopang'ono mu 2013 kuti onse adzafike 67, chipani cha PiS chinalonjeza pa kampeni kuti chibweza, ndipo October 2017 anabwezadi, abambo 65 amayi 60. Amayi ambiri anakondwa koma kawerengedwe ka ZUS ndi koti amatenga zonse zomwe zinalembedwa pa dzina lako nkugawa ndi miyezi yomwe akuyembekeza kuti ukhalabe ndi moyo. Ukapuma pa 60 wasonkha zaka zochepa ndipo akugawa ndi miyezi yambiri, kuwonjezera salale yotsika ndi zaka zolera ana, nde penshoni ya amayi imatuluka yaing'ono kwambiri kuposa ya abambo. Mayi amene ndimachita lendi kwawo anapitirira 60 kalekale koma akugwirabe ntchito mu shopu ya mankhwala, anandionetsa kalata ya ZUS patebulo ndi pensulo mmanja kundiwerengera kuti chaka chilichonse chomwe akupitiriza chikuwonjezera zingati

NaJere: Nde amene thupi lakana pa 60, woyeretsa mmaofesi kapena wa mu fakitale, atani? si onse ali ndi ntchito yoima pa kauntala. Aphunzitsi Mbewe inu munapuma ndi zaka zingati, ndipo akanakuuzani kuti muonjezere zisanu mukanatha?

Aphunzitsi Mbewe: Ndinapuma pa 60 mwana wanga. Mutu unali bwinobwino koma kalasi ya ana oposa 100 mawu anali atayamba kale kundithera, pofika Lachisanu ndimangolemba pa bolodi. Zisanu zina sindikanatha, mwina akanandipatsa ntchito yoyendera aphunzitsi achinyamata